Musanasiye buledi, yang'anani kaye kapu ya tiyi

Anzanga ofuna kuchepetsa thupi, tirigu payekha si mfiti ayi. Amene amasiya buledi n'kuyamba kuwonda, nthawi zambiri amakhala atasiyanso majarini, mandasi ndi masikono. Koma mukasiya buledi n'kumadya mitanda inayi ya nsima yoyera, sikelo sisuntha.

Ine ndimati m'mawa idyani mbatata yophika kapena phala la mgaiwa, ndipo mu tiyi muzithira supuni imodzi ya shuga, osati masupuni atatu aja tinazolowera. Buledi wabulauni musamuope.

Oyenera kusiyiratu tirigu ndi odwala matenda a celiac, omwe gluten (puloteni yopezeka mu tirigu) amawononga matumbo awo. Ngati m'mimba mumavuta mukadya buledi, kayezetseni musanamusiye, chifukwa mukasiya msanga zotsatira zakuchipatala zimasokonekera.