Kusankha kagalimoto ka UTV kogwirira ntchito za kumunda

Ngati muli ndi munda ku Chileka, ku Lunzu kapena ku Mpemba ndipo mukuganiza zogula kagalimoto ka UTV (kagalimoto kakang'ono koyenda m'njira zovuta, kokhala ndi malo onyamulira katundu kumbuyo), yambani mwawerengera katundu amene mumanyamula kawirikawiri musanafunse za mtengo wake. Thumba la feteleza limalemera makilogalamu 50, choncho ngati opanga analemba kuti kumbuyo kumanyamula makilogalamu 450, ndiye kuti malire ndi matumba 9, ndipo kupyola pamenepo n'kuononga masipuling'i ndi mabuleki.

Minda ya m'munsi mwa phiri la Michiru ndi yotsetsereka, ndipo m'dzinja tinjira take timaterera kwambiri. Pachifukwachi sankhani kokoka ndi matayala onse anayi, kokhala ndi giya yamphamvu yokwerera chitunda pang'onopang'ono, komanso kotalikirana ndi nthaka kuti kasamakhule pa miyala ndi mizere. Kopanda zitsulo zoteteza pamwamba ndi malamba a pampando musakayandikire n'komwe, chifukwa kakagubuduzika woyendetsa amatha kupsinjidwa.

Chimene ine ndimaona kuti n'chofunika koposa ndi masipeyala. Ma UTV a mtundu wa Polaris Ranger ndi Kawasaki Mule amayendera lamba wa CVT (lamba wotenga mphamvu ku injini kupita ku magiya), yemwe amatha msanga mukamakoka ngolo yolemera pa giya yothamangira, motero mufunse wogulitsa ngati lambayu ndi mafyuluta amazisunga mu Blantyre mommuno kapena amachita kuitanitsa ku Johannesburg, ndiponso ngati pali makaniko woidziwa bwino injiniyo. Amene ali kale ndi thirakitala aganizire Kubota RTV ya dizilo, kuti pamunda azisunga mafuta a mtundu umodzi.