Musanatumize dipoziti kwa outfitter wa agwape kuno ku America

Anzanga a kuno ku Indiana, makamaka inu a ku South Bend amene munadya nawo nyama ya gwape ija pa Khirisimasi kenako n'kumandivutitsa pafoni kuti chaka chino tipitire limodzi, ndati ndingolemba kamodzi. Gwape amene ndikunenayu ndi uja azungu amati whitetail, wamkulu kuposa mbuzi ya kumudzi, ndipo outfitter ndi munthu kapena kampani imene ili ndi malo osakako, imakupatsa pogona, chakudya ndi mlenje wokulondolera, iwe umangobwera ndi uta wako ndi ndalama. Ndalama zake si zamasewera ayi, masiku asanu okha ndi madola masauzande angapo.

Choyamba mapepala. Kuno sikuli ngati kwathu koti watenga agalu ndi chibonga walowa m'tchire, state iliyonse ili ndi malamulo ake ndipo ukangodutsa malire umakhala mlendo, laisensi imakwera mtengo kwambiri. Ku Indiana ngati unabadwa pambuyo pa 31 December 1986 uyenera kuchita kaye kosi ya hunter education, yophunzitsa kusaka mosamala ndi malamulo ake, ndipo pogula laisensi amafunsa Social Security number, ndiye amene mapepala ake sanalongosoke aganize kawiri. Ku Ohio mlendo amangogula laisensi ndi tag (chilolezo chophera gwape) basi, koma ku Iowa ndi ku Kansas ndi za maere, ku Iowa anthu amadikira zaka akuunjika ma point owonjezera mwayi wawo pa maerewo. Ndiye outfitter akakuuzani kuti tumizani dipoziti za tag tidzaona, mufunseni kuti mukalephera maerewo ndalama yanu ibwera kapena aisungira chaka chamawa, ndipo yankholo likhale lolembedwa osati la pakamwa. Inu a ku UK nkhaniyi musayese n'komwe, kusaka ndi uta kumeneko n'koletsedwa.

Ine ulendo woyamba ndinapusa. Ndinaona zithunzi pa Facebook, azibambo atagwira nyanga zazikulu ngati nthambi za mtengo, ndinatumiza theka la ndalama tsiku lomwelo osafunsa kanthu. Nditafika ndinapeza tili anthu eyiti pa famu imodzi, m'mawa kudakali mdima anandikweza mu mtengo pa kampando kaja amati tree stand, kutacha ndikuyang'ana pansi ndikuona zotsalira za ndudu ndi mapepala a maswiti, kutanthauza kuti sabata yathayo panali munthu wina, sabata inayo winanso. Gwape si chitsiru, mphuno yake ndi yoopsa, malo amene anthu akhalapo mwezi wonse amawazungulira patali. Masiku asanu ndinaona agologolo okhaokha, zala zitauma ndi chisanu.

Ndiye funso lalikulu ndi limeneli, maekala angati, alenje angati pa sabata, ndipo ma stand alipo angati. Outfitter wodziwa ntchito amakusintha malo malinga ndi komwe mphepo ikuchokera tsiku limenelo, akamakukhazika mtengo womwewo sabata yonse dziwani kuti alibe malo. Mupempheni manambala a anthu amene anasakako chaka chatha, koma muumirire kuti akupatseni ndi amene anabwerako chimanjamanja, chifukwa amene anapha aliyense amayamikira. Mufunsenso ngati ndi malo otseguka kapena a mpanda wautali, ena amaweta agwape mkati mwa waya ndiye akamalonjeza kuti simubwerera opanda nyama, nthawi zambiri ndi zimenezo. Ine za mu mpanda sizindisangalatsa, zili ngati kulasa mbuzi m'khola, koma ndalama ndi zanu.

Mu kontirakiti muli tinthu tobisika. Ambiri ali ndi lamulo loti ukalasa nyama n'kutuluka magazi, ngakhale osaipeza, ulendo wako wathera pomwepo. Ena amaika muyezo wa nyanga, mwina mainchesi 130 kapena 140 ukaphatikiza miyezo yonse ya nyangazo, ukapha yaing'ono amakulipiritsa faini, ndiye ngati inu mukungofuna nyama ya mu fulizala ngati ine nenani poyera, funsani ngati amalola kupha yaikazi. Tipi ya mlenje wokulondolerayo ndi yapadera, ambiri amapereka cha m'ma 10 peresenti. Sabata ziwiri zoyambirira za November ndi nthawi imene amphongo amathamangitsa aakazi n'kuiwala kuchenjera, ndiye masiku amenewo amadula komanso amatha msanga.

Chimene ndikufuna mumvetsetse ife alendo m'dziko la eni ndi chakuti outfitter akaphwanya lamulo iwe uli pomwepo, mlandu ndi wakonso. Mwachitsanzo kuthira chimanga pansi kuti ukope agwape ndi kololedwa pa malo a munthu m'madera ambiri a ku Ohio, koma ku Indiana ndi ku Illinois ndi mlandu. Ukaona mulu wa chimanga pafupi ndi stand yako ku Illinois tsika, usaponye muvi. Ndipo nyama yophedwa mosatsata lamulo ukadutsa nayo malire a state umalowa mu Lacey Act, lamulo la boma lalikulu la 1900, zinthu zoti munthu amene akudikira green card sangafune zioneke pa dzina lake. Imbirani ofesi ya zanyama ya state imeneyo, kuno timati DNR, mufunse nokha.

Uta wanu uzolowereni miyezi isanafike, ku Indiana mphamvu youkokera iyenera kukhala mapaundi 35 kupita m'mwamba, ku Ohio 40, ndipo muziyeserera kulasa muli pamwamba mutavala jekete lomwe mudzavale tsikulo, pa mayadi 20 kapena 30. Lamba wodzimangirira ku mtengo uja musamusiye mu galimoto.

Mukapha, lembetsani nyamayo monga state ikufunira, kuno ku Indiana ndi pasanathe maola 48. Pobwerera kunyumba samalani za matenda a ubongo wa agwape otchedwa CWD, ma state ambiri salola kulowetsa mutu ndi msana wa gwape wochokera kwina, ndiye funsiranitu ngati outfitter ali ndi butchala pafupi woti achotse mafupa. Tengani ma cooler awiri ndi ayezi wambiri, ndipo muuzeni butchalayo asataye chiwindi ndi mtima, ine chaka chatha ndinachita kukazitola mu ndowa mzungu akundiyang'ana modabwa.