"Kukapitidwa mphepo", mawuwa muziwagwiritsa ntchito chonchi

Anzanga a ku Chikwawa ndi Nsanje, mumajambulitsa pa mathithi a Kapichira nkulemba pa Facebook kuti "getaway" ngati mawu athu kulibe, chonsechotu alipo kalekale, kukapitidwa mphepo. Koma nawonso ena mukuwasokoneza ndiye tamvani.

Choyamba si tchuthi ayi. Tchuthi ndi chija cha ana asukulu, kapena wapantchito ku Illovo ku Nchalo akampatsa masabata angapo apite kumudzi. Kukapitidwa mphepo ndi kaulendo kakafupi, tsiku limodzi kaya wikendi basi, Lolemba muli pantchito ngati palibe chachitika. Komanso si kukacheza, pokacheza pamakhala munthu amene mukukamuona ndipo simungapite chimanjamanja, kashuga ndi kasopo nkofunika, pomwe uku palibe akukudikirani, mukungofuna mutu upepukeko.

Ndiye samalani ndi ka "ka" kapakatiko. Mukati "ndikupitidwa mphepo" ndiye kuti muli pompano pansi pa mtengo wa mango malaya mutavula. Mukati "ndikapitidweko mphepo" mukunyamuka, ndipo "ko" wakumapetoyo amafewetsa nkhani. Kwa akuluakulu muzinena kuti "Amayi, ndimati ndikapitidweko mphepo ku Majete, ndibwera madzulo." Osayerekeza kuwauza apongozi kuti "ndikuthawako pang'ono", mawa lake mupeza ankhoswe ali pakhonde.

Kokapitidwa mphepoko kuno nkosasowa. Ku Majete chilowereni a bungwe losamalira nyama zakutchire la African Parks mu 2003 njovu, mikango ndi zipembere zinabwerera, ku Lengwe kufupi ndi Nchalo kuli njati ndi nyala, ingolawirani dzuwa lisanakwere nyama zisanabisale m'mithunzi.

Koma ine ndimaona kuti kwa ife akuchigwa mawuwa amakoma zenizeni mu Okutobala ndi Novembala kukatentha mpaka kudutsa madigiri 40, usiku tulo osabwera ngakhale mugone panja, ndiye mumakwera minibasi pa Dyeratu, kuwoloka Shire pa Kamuzu Bridge, pa Thabwa nkuyamba zitunda zokhotakhota zija, kufika pamwamba kamphepo kozizira kalowa pawindo basi anthu onse phee, ngakhale kondakitala amasiya kulalata. A ku Blantyre amatsika kudzaona nyama, ife timakwera kukafuna mphepo yeniyeniyo.

Mukakagona komweko tengani kajuzi, ku Limbe ndi ku Thyolo usiku kumazizira ndipo wakuchigwa amaonekeratu, ndi uja akunjenjemera yekha pa depoti anzake ali m'matisheti.