Kompyuta ikayamba kuzima yokha mutawonjezera RAM, musathamangire kufomata

Ndili ndi kasitolo kosindikiza zikalata ndi kuchita fotokope, ndipo ntchito yonse imadalira kompyuta imodzi ya pa tebulo: makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro. RAM ndi tizidutswa ta mkati mwa kompyuta timene timasunga kwakanthawi zimene ikugwiritsa ntchito pa nthawiyo. Yangayi inali ndi RAM ya 4 GB yokha, moti ndikatsegula CorelDRAW pamodzi ndi Chrome inkayenda ngati bilimankhwe. Ndinagula kachidutswa kena ka 4 GB kogwirapo kale ntchito n'kukalowetsa. Tsiku loyamba zonse zinali myaa. Lachiwiri, ndili mkati mokonza makadi a mayi wina amene ankandidikira pabenchi, sikirini inasanduka yabuluu, pansi palembedwa MEMORY_MANAGEMENT, kenako kompyuta inazima n'kuyakanso yokha. Sabata imeneyo zinachitika kangapo, ndipo ulendo uliwonse ntchito imene sindinasunge inkapita.

Aliyense amene ndinamufotokozera ankati ndi vayirasi, fomatani. Ine ndimakana. Kufomata kumadya tsiku lathunthu, nthawi zina pamodzi ndi mafayilo a eni ake, ndipo ngati RAM ndiyo ikulakwitsa, Windows yatsopanoyo imalowa italumala kale, chifukwa fayilo iliyonse imadutsa mu RAM momwemo isanakakhale pa disiki. Dzifunseni kaye: chasintha n'chiyani kuchokera pamene makinawa anali bwino? Ngati yankho ndi RAM, yambirani pomwepo, ndipo muzisintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukasintha zitatu nthawi imodzi vuto n'kutha, simudziwa chimene chinalichititsa, ndipo likabweranso mumayambira pachiyambi.

RAM yovuta imadziwika ndi kusakhazikika kwa zizindikiro zake. Lero sikirini yabuluu inena MEMORY_MANAGEMENT, mawa IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL, mkuja PAGE_FAULT_IN_NONPAGED_AREA. Mapulogalamu amangotsekeka okha. Pena kompyuta siyaka n'komwe: fani ikuzungulira, sikirini ili bii, mkati mukulira timabelu.

Choyamba ndi chophweka. Zulani waya wa magetsi, dinikizani batani loyatsira kwa masekondi khumi kuti mphamvu yotsalira ithe, kenako gwirani chitsulo cha bokosi la kompyutayo musanakhudze china chilichonse mkatimo. Pa laputopu chotsaninso batire. Tulutsani tizidutswa tonse ta RAM, mukugwira m'mbali. Timano tagolide ta m'munsi mwa tizidutswato tipukuteni pang'onopang'ono ndi labala woyera wofufutira pensulo, chotsani zinyenyeswa zake, ndipo mipata imene tizidutswato timalowamo muisese ndi kaburashi kofewa. Fumbi la m'chilimwe limalowa paliponse. Pobwezera, kanikizani mbali zonse ziwiri mpaka tizogwirira tilire kuti "tha". Ambiri amaopa kuthyola, ndiye amasiya mbali imodzi isanalowe bwino. Ka laputopu kamalowa chopendekeka, kenako mumakagonetsa mpaka tizitsulo ta m'mbali tikagwire.

Tizidutswato tili m'manja, werengani kapepala komatidwa pamenepo. Apa m'pamene ogula RAM yakale amagwa kwambiri. RAM ili ndi mitundu, monga DDR3, DDR4 ndi DDR5. DDR3 ndi DDR4 sizilowerana mpata chifukwa kamng'alu ka pakati pa timano kali posiyana, choncho ngati kakukana, musakakamize. Msampha uli mkati mwa DDR3 momwemo. Yolembedwa PC3 imafuna mavoti 1.5, pamene ya PC3L imayenda ndi 1.35, koma zonse zimalowa mu mpata umodzimodzi. Malaputopu ambiri a purosesa (ubongo wa kompyuta) ya Intel ya m'badwo wachinayi amafuna PC3L yokha. Mukaika PC3 wamba ena sayaka, ena amayaka n'kumavuta. Onaninso chilembo chotsatira nambala. PC3-12800U ndi ya kompyuta wamba ya pa tebulo, S ndi ya laputopu, koma R ndi yochokera m'maseva. Ya R imapezeka yotchipa ndiponso ya ma GB ambiri, imalowa bwinobwino mu mpata, koma pa kompyuta wamba siigwira. Ngati liwiro lokha ndilo lasiyana, mwachitsanzo 1333 ndi 1600, nthawi zambiri zonse zimatsikira pa liwiro lotsikalo n'kumayenda. Ndati nthawi zambiri, chifukwa pali tizidutswa tina tabwinobwino timene sitigwirizana basi. Kapepala kakafufutika, pulogalamu yaulere ya CPU-Z imaonetsa zonsezi pa gawo la SPD.

Ngati motherboard, bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta limene RAM imalowapo, ili ndi mipata inayi inu muli ndi tizidutswa tiwiri, musatigundanitse. Pa ambiri a masiku ano timakhala mu mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerengera kuchokera pa purosesa, imene imalembedwa A2 ndi B2. Pa makina akale a m'maofesi tsatirani mtundu wa tizogwirira kapena manambala olembedwa pambali pa mipatayo.

Kenako lowani mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanatseguke, kawirikawiri ndi F2, F10 kapena Delete poyatsa, ndipo bwezerani zonse mmene zinachokera ku fakitale. Amene muli ndi makina atsopano a masewera kapena okonzera mavidiyo, yang'anani XMP, kapena EXPO ngati ndi AMD. Imeneyi imathamangitsa RAM kupitirira liwiro lake loyambira, ndipo si purosesa iliyonse imapirira, makamaka mipata yonse inayi ikadzaza. Izimitseni muone. RAM ya DDR4 yolembedwa 3200 ikhoza kutsikira pa 2133 kapena 2400, koma kuchedwa kwake simungakuone polemba kalata. Kompyuta ikakana ngakhale kufika mu BIOS, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 pa motherboard kwa mphindi zisanu magetsi atazulidwa. Pa DDR5 khalani odekha: kuyatsa koyamba sikirini imatha kukhala yakuda kwa mphindi zingapo makina akuyeza RAM yatsopanoyo. Kukweza BIOS, kutanthauza kuikamo yatsopano, kumathandiza nthawi zina, koma musayerekeze kuchita popanda UPS (kabokosi kosunga magetsi) kapena batire yodzaza ya laputopu, chifukwa magetsi akathima pakati, motherboard ikhoza osadzukanso.

Tsopano kuyeza kwenikweni. Windows ili ndi choyezera chake: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani mdsched.exe, ivomereni iyambirenso. N'chofulumira, koma chikanena kuti palibe vuto musakhutire. Kwa ine chinatero pamene vuto linalipo. Chimene ndimadalira ndi MemTest86 kapena Memtest86+. Mumaika pa fulashi yopanda kanthu, kompyuta n'kuyakira pa fulashipo osadutsa mu Windows. Ilekeni izungulire kanayi. Zimatenga maola, ndiye ine ndimaiyatsa potseka sitolo usiku umene ndikuona kuti magetsi akhalapo. Cholakwika ngakhale chimodzi chokha n'chokwanira. RAM yabwino sipereka n'chimodzi chomwe.

Mukapeza zolakwika, yezani kachidutswa kamodzikamodzi, mu mpata womwewo, ndipo lembani m'kope kuti kati, mpata uti, zatuluka zotani. Pofika tsiku lachitatu mutu umasokonezeka. Kamodzi kakalephera kanzake n'kupambana, wolakwa mwamupeza. Tonse tikapambana mu mpata uwu koma n'kulephera mu winawo, vuto ndi mpata kapena motherboard, osati RAM. Tikapambana patokhapatokha koma n'kulephera tikakhala pamodzi, ndiye kusagwirizana kuja, ndipo njira yabwino ndi kupeza tiwiri tofanana ndendende. Zonse zikapambana kompyuta n'kumazimabe, RAM isiyeni, muyang'ane kutentha kwa purosesa ndiponso power supply, kabokosi kogawa magetsi mkati mwa kompyuta.

Kwa ine, kakale kanazungulira usiku wonse popanda kanthu. Katsopano, mu mpata womwewo, kanayamba kutulutsa mizere yofiira pasanathe theka la ola. Ndinajambula sikiriniyo pa foni, n'kutenga lisiti. Wogulitsa anayamba ndi kunena kuti, "Bambo, RAM imeneyi inachoka pano ikugwira." Sankanama, chifukwa kompyuta inkayakadi nako. Nditamuonetsa chithunzicho anandisinthira kena ka PC3-12800U, kofanana ndi kanga kakale. Kameneko ndinakayeza kokha usiku umodzi, kenako tonse tiwiri usiku wotsatira.

Patsala kantchito kamodzi kamene ambiri amaiwala. Masiku amene RAM yowonongeka inali mkati, mafayilo ena a Windows akhoza kukhala atalembedwa molakwika. Tsegulani Command Prompt ngati administrator, lembani sfc /scannow, idzikonze. Kenako mu Task Manager, pa Performance, onani ngati RAM yonse ikuoneka. Ngati mwaika 8 GB koma yogwiritsidwa ntchito ikuchepera pa 4 GB, onani ngati Windows yanu si ya 32-bit, chifukwa imeneyo siitha kupitirira pamenepo. Apo pokha ndi pamene kuikanso Windows, ya 64-bit, kuli ndi chifukwa chomveka, ndipo muyambe mwakopera mafayilo a makasitomala pa disiki ina.