Kujambula nyengo za kwathu ndi penti wa madzi: mmene ndimayambitsira ophunzira

Tsiku loyamba limene ndinalowa m'kalasi yophunzira kujambula, Loweruka lina la mu Seputembala kuno ku Zomba, aphunzitsi sanatipatse burashi. Anatitulutsa panja n'kutiimika pansi pa jakaranda amene anali atangochita maluwa, ndipo anati aliyense atchule mitundu imene akuona. Ine ndinatchula iwiri, pepo ndi bulauni. Mayi wina wosoka zovala anatchula isanu ndi iwiri. Iye anaona kuti maluwa amene ali m'mwamba akupendekera ku buluu, pamene ogwa pa katondo akufiirira, ndiponso kuti khungwa ndi lotuwa, si bulauni ayi. Tsiku limenelo ndinadziwa kuti diso ndi limene liyenera kuyamba kuphunzira, dzanja limatsatira pambuyo. Lero ndili ndi kagulu kanga ka ophunzira pakhonde, ndipo zimene ndalemba pano ndi zomwe timachita chaka chonse.

Zipangizo zisakuopseni. Kabokosi ka penti wa madzi ka mitundu 12, kamene ana amagwiritsa ntchito kusukulu, n'kokwanira poyambira. Ngati ndalama ndi zochepa, ziikeni pa pepala. Labwino ndi lokhuthala lolembedwa 300 gsm, chifukwa limamwa madzi osachita makwinya. Mukapeza lopyapyala, limateni mbali zonse zinayi pa kabolodi ndi tepi ya pepala, ndipo musalimatule mpaka litaumiratu. Maburashi awiri akwana: yozungulira yosongoka ya nambala 8 kapena 10, ndi ina yafulati yopakira mlengalenga. Onjezani pensulo, kansanza koyera, kachidutswa ka kandulo, mbale yoyera yachitsulo yosakanizirapo, ndi mabotolo awiri a madzi. Lina ndi lotsukira burashi, lina likhale la madzi oyera okhaokha. Anthu ambiri amene amadandaula kuti zithunzi zawo zikutuluka ngati matope amakhala kuti akutsuka ndi kusakaniza ndi madzi amodzimodzi.

M'kabokosi kaja, miyezi itatu yoyamba ndimalola mitundu inayi yokha: wachikasu, wofiira, wabuluu, ndi bulauni wofiirira amene pa machubu amalembedwa burnt sienna. Wakuda ndi woyera ndimachotsamo. Pa penti wa madzi, kuyera ndi pepala lenilenilo, choncho malo amene mukufuna awale muwasiye osapaka. Yambani ndi mitundu yowala yothira madzi ambiri, dikirani iume, kenako pitani ku yakuda. Mdima mungauwonjezere nthawi ina iliyonse, koma kuwala mukakuphimba n'kovuta kukubwezeretsa.

Mavidiyo ambiri a pa YouTube ophunzitsa kujambula nyengo ndi ochokera kumaiko ozizira. Amaonetsa chipale chofewa mu Disembala ndi masamba ofiira ogwa mu Okutobala. Kagwiridwe ka burashi mungaphunzireko ndithu, koma nyengozo si zathu. Mtima umandipweteka ndikaona mwana wa ku Domasi akujambula nyumba yokutidwa ndi chipale chimene sanachionepo, pomwe kuseri kwa nyumba yawo kuli nkhalango imene imafiira chaka chilichonse. N'chifukwa chake ntchito yoyamba imene ndimapereka ndi iyi: sankhani mtengo umodzi umene mumaudutsa tsiku ndi tsiku, mango, mlambe, msuku kapena mkuyu, ndipo muziujambula kamodzi mwezi uliwonse mutaima pamalo amodzimodzi. Kumbuyo kwa pepala lembani deti, nthawi, ndi mmene kunja kunachera.

Kalasi yatsopano ndimakonda kuiyamba kumapeto kwa Ogasiti, chifukwa ndi pamene nkhalango za miombo zimaphukira. Anthu obwera amadabwa nazo: mvula isanagwe n'komwe, nthaka ili gwa, mitengo imatulutsa masamba anthete ofiira, ena ngati vinyo, ena ngati mkuwa, ena olenji, ndipo pakangopita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Kwathu tsamba lofiira ndi tsamba lobadwa kumene. Kuti mujambule phiri lotere, lembani mzere wa phirilo ndi pensulo mopepuka. Nyowetsani malo a mitengo ndi madzi oyera, dikirani mpaka kunyezimira kwa madzi kutayamba kuchepa, kenako dontheza wofiira apa, olenji apo, wachikasu wobiriwirako pakati, n'kuisiya mitunduyo ikumane yokha. Apa m'pamene pamafunika kudzigwira. Dzanja limafuna kutakasa, koma mukatakasa katatu zonse zimasanduka bulauni mmodzi wakufa. Chotsani burashi, pindani manja. Pakauma, sakanizani buluu ndi bulauni uja kuti mupeze wotuwa wakuda, ndipo ndi nsonga ya burashi ikani thunthu ndi nthambi zochepa zokha. Miombo imayala nthambi zake pamwamba ngati ambulera, choncho musaizungulize ngati mpira.

Mlengalenga wa nyengo imeneyi si wabuluu. Utsi wa moto wolusa ndi fumbi zimauchititsa kutuwa, ndipo masiku ena phiri la Mulanje, limene mu Meyi limaoneka bwino kuchokera ku Zomba, limabisikiratu. Pakani madzi ambiri, kabuluu pang'ono ndi kadontho ka bulauni. Pansi, ngati pali lupsa, musaope kuika mdima weniweni, ndipo musaiwale timaudzu tobiriwira timene timatuluka pa phulusalo.

Jakaranda, amene amadzaza misewu ya Zomba, Blantyre ndi Lilongwe mu Seputembala ndi Okutobala, amavutitsa pa chinthu chimodzi: pepo wake. Mukasakaniza buluu ndi wofiira wopendekera ku olenji, mumapeza matope. Pamafunika wofiira wopendekera ku pinki, monga crimson, ndi buluu wa ultramarine, buluuyo achuluke. Musajambule duwa limodzilimodzi. Gundani pepala ndi mimba ya burashi, kusiya mipata yoonera thambo, ndipo maluwa ogwa pansi muwapatse malo awo, chifukwa theka la kukongola kwa mtengowu lili pa nthaka.

Mu Okutobala mdani wanu ndi kutentha. Penti amauma muli pakati pa mzere, n'kusiya malire olimba pamene simunawafune. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere, khalani pamthunzi, sakanizani penti wochuluka musanayambe kuti musaime pakati, ndipo chepetsani pepala likhale ngati theka la tsamba la kope. Ino ndi nyengo yabwino ya mlambe, poti umakhala wopanda masamba ndipo mafupa ake onse amaoneka. Khungwa lake ndi lotuwa kofiirira, lonyezimira pang'ono. Siyani mbali ya dzuwa yowala kwambiri, mthunzi muupake ndi buluu wosakaniza ndi bulauni, ndipo thunthu mulikulitse kuposa mmene mukuganizira, chifukwa pafupifupi aliyense amayamba ndi mlambe wowonda.

Dzinja likafika, mavuto amatembenuka. Chinyezi chimachititsa kuti pepala lichedwe kuuma, ndipo amene sadikira amawononga ntchito yake. Ine ndimauza ophunzira kuti azijambula zithunzi ziwiri nthawi imodzi: china chikamauma, mukugwira china. Likhudzeni pepala ndi kumbuyo kwa chala. Likamazizira, ndiye kuti mkati muli madzi. Mapepala musawasunge pansi kapena motsamira khoma, angachite chuku.

Chinyezi chomwecho ndi chimene chimathandiza pa mitambo. Nyowetsani mlengalenga wonse, pendeketsani kabolodi pang'ono, ndipo pakani wotuwa wakuda pamwamba kuti utsetsereke wokha ngati mvula ikubwera kuchokera kuphiri. Pamene mukufuna mtambo woyera, gundani ndi kansanza kouma penti asanaume. Ngati mukufuna mizere ya mvula, jambulani ndi kandulo mopendeketsa musanapake chilichonse, popeza penti sagwira pa phula.

Koma phunziro lalikulu la dzinja ndi mtundu wobiriwira, ndipo apa ndimatha Loweruka atatu. Girini wa m'kabokosi ndi wa choko cha pa bolodi, m'munda mulibe. Tengani pepala, pitani kumunda, ndipo pangani timabokosi ta mitundu imene mukuona. Chimanga chongomera ndi chobiriwira mopendekera ku chikasu. Chimene chalandira feteleza ndi chobiriwira moderako, chopendekera ku buluu. Tsamba la nthochi lowombedwa ndi dzuwa kumbuyo limawala ngati nyali, la mango ndi lakuda lonyezimira, la bulugamu ndi lotuwa. Yonseyi imachokera ku wachikasu ndi wabuluu, kusiyana kwake ndi muyeso. Ukakhala wowala mopitirira muyeso, kadontho ka wofiira kamauziziritsa. Zimene zili kutali zipakeni mopepuka ndi mopendekera ku buluu, zapafupi zikhale zamphamvu. Amene ali ku Thyolo kapena ku Mulanje ali ndi mwayi, chifukwa minda ya tiyi imaonetsa zimenezi poyera: mizere yapafupi ndi yachikasu chobiriwira, yakutali ikusungunukira m'phiri. Ndipo musasiye katondo. Kanjira kofiira kodutsa pakati pa chimanga ndi kamene kamachititsa kuti kubiriwirako kuoneke kwamoyo. A ku Salima ndi madera ena a m'mbali mwa nyanja ayang'anenso msangu, mtengo umene umayoyola masamba m'dzinja anzake onse atavala, n'kuvala m'chilimwe anzake ali mbulanda.

Mvula ikakutsekerezani m'nyumba, ikani bowa awiri kapena atatu pa nsalu yakuda pafupi ndi zenera. Bowa amaphunzitsa kujambula chinthu choyera: mumapaka mthunzi wake ndi zimene zamuzungulira, iye mwini n'kumusiya.

Masika ndi nyengo ya patebulo. Dzungu, mondokwa wosenda theka, nzimbe, mtedza wongozula uli ndi dothi lake. Sankhani zinthu zitatu basi, kuwala kuchokere mbali imodzi. Dzungu ndi mphunzitsi wabwino wa kuzungulira kwa chinthu. Pakani lonse ndi wachikasu wopepuka, kusiya kadanga koyera pamene kuwala kwagunda, kenako olenji, kenako mthunzi m'mizere yake ndi pansi pake. Mthunziwo muupange ndi pepo pang'ono. Mukauiwala, dzungu limaoneka ngati likuuluka.

Mu Juni ndi Julayi kumabwera chiperoni, kamvula kowaza ndi nkhungu kamene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Tsiku lotere ndimakwera nawo ophunzira njira ya ku Zomba Plateau atavala majuzi. Nkhungu imachotsa zambiri zimene zimasokoneza woyamba, n'kusiya magawo atatu: mitengo yakutali yosaoneka bwino, yapakati, ndi umodzi wapafupi wakuda. Yakutali ipakeni pepala lili lonyowa, yapakati lili lachinyezi chabe, wapafupi litauma. Mtundu umodzi wokha, wotuwa uja wa buluu ndi bulauni, umakwanira chithunzi chonse. Dzuwa likatuluka, tembenukirani ku udzu wouma ndi mapesi a pa mkukwe. Finyani burashi pa kansanza itsale pang'ono kuuma, yalani ubweya wake ndi zala, itengeni penti wachikasu wothira bulauni, ndipo kokani kuchokera pansi kupita m'mwamba mofulumira. Mizere yoduka imene imatsala ndiyo tsekera weniweni.

M'nyengo yomweyi, nthaka ili youma, timapanga penti wathu. Tolani katondo, dothi lachikasu la m'mbali mwa msewu, ndi makala. Sinjani chilichonse pachokha, sefani ndi kansalu, thirani madzi pang'ono ndi kadontho ka guluu woyera wa matabwa kuti agwire pepala. Amayi amene amazira nyumba ndi mtsiro wamitundumitundu amadziwa kumene kuli dothi labwino, afunseni. Ntchito imeneyi si yachilendo kwathu. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira zimene anasiya Akafula ndi zoyera za makolo a Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Amene angathe apiteko, apitirirenso ku Mua kukaona malo a zaluso ndi chikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Penti wa katondo amapereka mtundu wa njira zathu umene sindinaupezepo m'kabokosi kalikonse.

Za kalasi yeniyeniyo ndinene zochepa. Funani mphunzitsi amene amajambula inu mukuona ndiponso amakutulutsani panja. Akafuna kukonza, akonzere pa pepala lina, osati pa lanu. Foni ikuthandizeni kusunga chithunzi cha mtengo pamene dzuwa lasuntha, koma mitundu muitenge ndi maso muli pomwepo, chifukwa kamera imadetsa mithunzi. Pomaliza kalasi timayala ntchito zonse pa mphasa, n'kubwerera m'mbuyo mapazi asanu, ndipo aliyense amatchula malo amodzi amene agwira bwino pa chithunzi cha mnzake. Osataya pepala ngakhale limodzi, ngakhale limene lakukhumudwitsani. Liikeni mu envulopu yaikulu pamodzi ndi anzake.

Chaka chikatha timatulutsa zithunzi 12 za mtengo uja n'kuzindandalika motsatira miyezi. Bambo wina wopuma pantchito amene anasankha mango wa pakhomo pake anaima nthawi yaitali akuyang'ana chake cha Julayi, chimene anajambula maluwa otuwa kofiirira atadzaza nsonga za nthambi. Anati mtengowo anaubzala yekha, wakhala akudya zipatso zake zaka zonsezi, koma mtundu wa maluwa ake anali asanauonepo mpaka tsiku limene anafuna kuusakaniza pa mbale.