Magetsi a galimoto yochokera ku Japan: momwe mungayezere, mungakonzere, ndi zoti musakhudze

M'mawa wa mu June kapena July, kukacha ndi chisanu ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Highfield mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndi pomwe magalimoto ambiri amakana kulira. Mukatembenuza kiyi mumangomva kaphokoso kakuti kekeke, nyali za pa dashibodi n'kuzilala. Ambiri amathamangira kukagula batire latsopano tsiku lomwelo, koma kawirikawiri batirelo limakhala lilibe mlandu. Vuto limakhala pa mitu yake, pa waya wopita ku chitsulo cha galimoto, pa alternator (chipangizo chomwe chimatchaja batire injini ikamalira), kapena pa kachipangizo kena kamene kakudya moto usiku wonse. Kuti mudziwe chenicheni, muyenera kuyeza.

Zida zake n'zochepa: multimeter (mita yoyezera magetsi) yotchipa ngati zomwe amagulitsa m'mashopu a zipangizo za magalimoto mu Kaguvi Street, sipanala ya 10 mm, burashi yawaya kapena sandipepa, Vaseline, soda wophikira, ndi mafyuzi angapo osungira.

Kuyeza batire

Yezani m'mawa, galimoto itagona usiku wonse, injini musanailize. Ikani multimeter pa 20 V DC, waya wofiira pa mutu wa +, wakuda pa mutu wa −. Gwirani pa mtovu weniweni wa batire, osati pa chitsulo chomangira waya. Mukaona 12.6 V batire ladzaza. Pa 12.4 V latsika pang'ono, pa 12.2 V lili pakati, ndipo likatsika pa 12.0 V latha moto. Kenako wina alize injini inu mukuyang'ana mita. Sitata ikamazungulira nambala imatsika, koma isapitirire pansi pa 9.6 V. Batire lomwe limaonetsa 12.5 V lili chete koma n'kugwera pa 7 kapena 8 V polizitsa injini ndi lokalamba, ndipo ngakhale mulitchaje tsiku lonse silidzabwerera mwakale.

Injini ikalira, yezaninso. Muyenera kuona pakati pa 13.8 ndi 14.5 V. Yatsani nyali zazikulu, fani ndi chotenthetsera galasi lakumbuyo, muone ngati nambalayo ikukhalabe pamwamba pa 13 V. Ikangokhala pa 12 ndi kanthu ndiye kuti alternator sikutchaja, ndipo batire latsopano lidzafanso pakangotha masiku awiri kapena atatu. Musanaimbe mlandu alternator, onani lamba wake. Lamba wokhwepa amalira mokwiyitsa mukangoliza injini kapena mukaponda m'madzi, ndipo wong'aluka m'kati ngofunika kusintha. Nambala ikakwera kupitirira 15 V, vuto ndi regulator, kachipangizo koletsa alternator kutchaja mopitirira muyeso, ndipo madzi a m'batire amawira, mababu n'kumapsa pafupipafupi. Dziwani kuti magalimoto ena, makamaka a Honda, amachepetsa dala kutchaja batire likakhala lodzaza, choncho muziyeza nyali zili zoyaka.

Pali chizolowezi cha amakaniko ena a m'mphepete mwa msewu chozula waya wa batire injini ikulira, kuti aone ngati alternator ili bwino. Musalole. Pa magalimoto akale opanda kompyuta zinkatheka, koma pa Honda Fit, Toyota Wish kapena Mazda Demio moto umalumpha nthawi imodzi n'kuwotcha kompyuta ya injini, yomwe mtengo wake ndi woposa batire kangapo.

Mitu ya batire

Ufa woyera kapena wobiriwira womwe umamera pa mitu ya batire umatchinga moto. Zimitsani injini, chotsani kiyi, masulani waya wa − poyamba, kenako wa +. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chonse cha galimoto n'cholumikizidwa ku −, ndiye mukayamba ndi + sipanala n'kukhudza chitsulo, pamathetheka moto woti n'kukuwotchani dzanja. Sungunulani supuni imodzi ya soda wophikira m'kapu ya madzi ofunda, tsukani mituyo ndi burashi, koma madziwo asalowe m'kati mwa batire. Pukutani, palani mpaka mtovu uwale, bwezerani waya wa + poyamba, wa − pomaliza, mangani mpaka asagwedezeke ndi dzanja, kenako pakani Vaseline pamwamba. Kukhomerera msomali kapena kachitsulo pa mutu wokhwepa n'kongokufikitsani kunyumba, chomangiracho chisinthidwe.

Tsatirani waya wakudayo mpaka pomwe wamangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndi winanso wopita ku injini. Pamenepa pakachita dzimbiri pamabwera zodabwitsa: mukayatsa indiketa nyali ya mabuleki n'kumaphethira nawo, kapena nyali imodzi n'kumawala mofooka. Masulani, palani, mangani.

Onaninso chitsulo chogwira batire kuti lisasunthe. Ndi maenje a m'misewu ya muno nthawi ya mvula, batire lomwe likudumphadumpha limawonongeka m'kati msanga. Ngati batire lanu lili ndi zotsekera zotsegula, suzumirani kamodzi pa mwezi, makamaka mu October kukatentha. Madzi azibisa mbale za mtovu. Owonjezera ake ndi madzi a batire okha, a m'botolo aja otchedwa distilled water. Madzi a pampopi kapena a pa borehole ali ndi mchere womwe umapha batire, ndipo asidi sawonjezeredwa.

Za kuzima kwa magetsi a ZESA, kampani ya magetsi ya dziko lino: kuzula batire la galimoto kuti muyatsire nyali, TV kapena inverter kunyumba kumalifupikitsa moyo. Batire la galimoto analipangira kutulutsa moto wambiri kwa masekondi ochepa n'kudzazidwanso pompo. Mukalikama mpaka pansi kangapo, silisunganso moto. Chimodzimodzi maulendo aafupi okhaokha, monga kuchoka ku Rugare kupita m'tauni ndi kubwerera: alternator siipeza nthawi yokwanira yodzazanso batire. Kamodzi pa sabata muziyendetsa galimoto kwa mphindi 30 kapena kuposerapo osaima.

Mukafika poti mugule batire lina, werengani nambala ya pa lakale. Mabatire a ku Japan amalembedwa monga 38B19L kapena 46B24L, ndipo m'mashopu a kuno mudzamva akunena NS40 ndi NS60. Chilembo chomaliza, L kapena R, chimasonyeza mbali yomwe mitu ili. Mukasemphanitsa, mawaya safika, ndipo wofulumira amatha kulumikiza mopingasa n'kuwotcha fyuzi yaikulu pamodzi ndi alternator. Mitu inanso ndi yowonda, ina yonenepa, ndiye ndi bwino kupita ndi batire lakalelo; ogulitsa ambiri amalilandira n'kuchotsako mtengo pang'ono.

Kubwereka moto kwa galimoto ina

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan ndi a otomatiki, sakankhidwa kuti alire. Pamafunika nthambo zonenepa. Magalimoto awiriwo asakhudzane. Nthambo yofiira iyambe pa + ya batire lakufa, ipite pa + ya lamoyo. Yakuda iyambe pa − ya lamoyo, ithere pa chitsulo chopanda penti cha injini ya galimoto yakufayo, patali ndi batire, chifukwa batire limatulutsa mpweya woyaka. Lizani galimoto yamoyo kwa mphindi zisanu, kenako yesani yanuyo. Pochotsa yambani ndi yomwe munamalizira.

Honda Fit ya hybrid ndi Toyota Aqua, zomwe zimayendera petulo ndi magetsi, zilinso ndi batire laling'ono la 12 V, ndipo likafa galimoto siyaka ngakhale batire lalikulu lili lodzaza. Mukhoza kuzibwerekera moto, koma musazigwiritse ntchito kulizira kombi kapena galimoto ina yaikulu. Mawaya aliwonse okutidwa ndi mtundu wa lalanje ali ndi moto woposa 100 V. Amenewo musakhudze, ndi a makaniko wodziwa za hybrid.

Moto ukamatha galimoto ili chiimire

Batire ndi labwino, alternator ikutchaja, koma galimoto ikagona masiku awiri siyaka. Apa pali chomwe chikuba moto. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, masulani waya wa −. Sinthani multimeter ikhale pa 10 A, waya wofiira ulowe pa bowo lolembedwa 10 A. Gwirizitsani waya umodzi wa mita pa mutu wa batire, winawo pa waya womwe mwamasula. Dikirani mphindi 20 mpaka 30 kuti makompyuta agone. Zabwinobwino ndi 0.05 A kapena kucheperapo. Zikaposa pamenepo, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka nambala igwe. Fyuzi imeneyo ndiyo ikulozerani wakuba. Musayerekeze kuliza injini mita ili pamenepo, imapsa. Opezeka olakwa kawirikawiri ndi wailesi yomwe anailumikiza molunjika ku batire, alamu kapena tracker yoikidwa mwachisawawa, amplifier, ndi kanyali ka m'buti kosazima.

Mafyuzi

Chinthu chimodzi chikafa mwadzidzidzi, kaya hutala, wiper, kapena potchajira foni, yambani ndi fyuzi. Mabokosi ake amakhala awiri, lina mu boneti pafupi ndi batire, lina pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala kapena kuseri kwa kabokosi kosungiramo mapepala. Pa Toyota chivundikiro chimalembedwa mwachidule: CIG kapena ACC ndi potchajira ndi wailesi, DOME ndi nyali ya m'kati, TAIL ndi nyali zakumbuyo, STOP ndi za mabuleki, WIP ndi ma wiper. Mtundu wa fyuzi umanena kukula kwake: yofiira ndi 10 A, yabuluu 15 A, yachikasu 20 A, yobiriwira 30 A. Iunikeni padzuwa, kawaya ka m'kati kakaduka, yapsa.

Bwezeranipo ya nambala yomweyo. Kuikapo yaikulu, kapena kumangapo kawaya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, ndiko kumayatsa magalimoto moto, chifukwa m'malo mwa fyuzi amapsa ndi mawaya obisika kuseri kwa dashibodi. Yatsopano ikapsanso pompo, pali waya wosupuka womwe ukukhudza chitsulo. Fufuzani pomwe mawaya amapindika: pa mphira wa pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pa chitseko cha buti, ndi paliponse pomwe munthu anadulapo waya n'kumata ndi tepi. Fyuzi ya potchajira foni imakonda kupsa ndi kandalama kogweramo kapena pampu yopopera matayala.

Nyali

Indiketa ikayamba kuphethira mothamanga mbali imodzi, babu limodzi la mbali imeneyo lapsa. Ambiri ndi a 21 W. Nyali za mabuleki muziziona poimika galimoto chambuyo pafupi ndi khoma madzulo n'kuponda buleki. Ndi bwino kuziona nokha musanauzidwe ndi apolisi pa rodibuloko. Nyali zazikulu za magalimoto ambiri zimalowa babu la H4, la 60/55 W. Poika musagwire galasi lake ndi zala, mafuta a m'manja amalipsetsa msanga. Mababu a 100 W amasungunula pulagi ndi mawaya, ndipo a LED otchipa oikidwa m'nyali yopangidwira babu wamba amathobwa anzanu m'maso pomwe inuyo simukuona patali. Nthawi zambiri mdima umabwera chifukwa pulasitiki ya nyali yachita chikasu ndi dzuwa; kuipukuta ndi polishi wake kumathandiza kuposa kusintha babu.

Magalasi, kiyi, wailesi

Mukachotsa batire, galasi la dalaivala limaiwala kudzikweza lokha. Litsitseni mpaka pansi, likwezeni mpaka pamwamba, n'kugwirabe batani kwa masekondi angapo litatsekeka. Galasi loyenda mwaulesi kawirikawiri ndi fumbi lodzaza m'mphira. Pukutani ndi kuwaza silicone, osati girisi. Magalasi a anthu okwera akakana onse pamodzi, onani kaye batani lowatsekera pa chitseko cha dalaivala.

Kiyi wa rimoti ali ndi kabatire ka 3 V, nambala yake imalembedwa pamsana, monga CR2032 kapena CR1632. Kakafa, m'kati mwa rimoti muli kiyi wachitsulo wotsegulira chitseko, ndipo pa galimoto yolizira batani mukagunditsa rimotiyo pa batanilo mutaponda buleki, injini imalira.

Wailesi ya ku Japan imagwira FM kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe kuno mawailesi ali pakati pa 87.5 ndi 108. N'chifukwa chake mumangomva imodzi kapena ziwiri. Kachipangizo kotchedwa band expander, kolumikizidwa pa waya wa eriyo, kamatsegula zotsalazo, ngakhale nambala ya pa wailesi siikhala yolondola. Moto wake utengedwe pa ACC kuti kazizima ndi kiyi. Mawailesi ena okhala ndi mapu amafuna SD card yake kapena nambala yachinsinsi batire likachotsedwa, choncho onetsetsani kuti khadilo lilimo musanamasule. Mawu a mayi wolankhula Chijapani mukangoliza galimoto amachokera m'kabokosi ka ETC kolipirira misewu ya ku Japan. Kuno kalibe ntchito, mukhoza kuzula pulagi yake.

Nyengo ya mvula

Isanafike November sinthani mphira wa ma wiper, chifukwa dzuwa la September ndi October limakhala litauumitsa. Musawayendetse pa galasi louma lafumbi, amakanda galasi ndi kutopetsa mota. Galasi likachita nkhungu m'kati, yatsani AC, lozetsani mpweya ku galasi, ndipo batani lozunguza mpweya wa m'kati likhale lozima kuti ulowe wakunja. AC muziiyatsa mphindi khumi sabata iliyonse ngakhale m'nyengo yozizira, kuti mphira wake usaume n'kuyamba kutaya gasi. Fani ikamawomba mofooka, tulutsani sefa yomwe ili kuseri kwa kabokosi ka mapepala, imadzaza fumbi ndi masamba a jakaranda. Ikamagwira pa liwiro lomaliza lokha, chapsa ndi resistor yake, kachipangizo kochepetsa liwiro la fani, osati mota.

Kotsukitsa galimoto, auzeni anyamata asalozetse paipi ya mphamvu pa alternator, pa bokosi la mafyuzi ndi pa makoilo a injini. Ndipo mukapeza kapeti yanyowa mvula itagwa, iumitseni tsiku lomwelo ndi kutsegula timabowo totulutsira madzi pansi pa galasi lakutsogolo, chifukwa pansi pa kapeti ndi pa mipando ndi pomwe pamadutsa mapulagi ena a ma airbag.