Momwe mungasinthire MPM ya Apache kuti seva ilandire anthu ambiri nthawi imodzi

Webusaiti ikhoza kuyenda bwinobwino chaka chonse, n'kudzafooka tsiku lomwe mukuifunitsitsa: tsiku lotulutsa zotsatira za mayeso, tsiku lomaliza kulembetsa, kapena pamene nkhani yanu yafala pa Facebook. Ambiri zikatero amathamangira kulipira seva yaikulu. Musanatulutse ndalama, yambani mwaona Apache, pulogalamu ya pa seva yomwe imatumiza masamba anu kwa alendo, makamaka gawo lake lomwe limagawa ntchito anthu akafika ambiri nthawi imodzi. Gawoli limatchedwa Multi-Processing Module, mwachidule MPM, ndipo mukhoza kulichotsa n'kuikapo lina.

Apache inatuluka mu 1995, koma ma MPM anabwera ndi Apache 2.0 mu 2002. Kuyambira pa 2.4, yomwe inatuluka mu 2012, kusintha MPM n'kongozimitsa ina n'kuyatsa ina. Pa nthawi imodzi imagwira ntchito MPM imodzi yokha. Pa Linux zilipo zitatu zoti musankhepo: prefork, worker ndi event. Pa Windows palibe chosankha, ilipo mpm_winnt basi. Malangizo ali m'munsiwa ndi a Ubuntu ndi Debian.

Kusiyana kwake

Prefork ndi yakale kwambiri. Imadzutsiratu ma process angapo (makope a Apache, lililonse likuyenda palokha), ndipo process iliyonse imatumikira mlendo mmodzi mpaka atachoka. Worker imadzutsa ma process ochepa, koma mkati mwa iliyonse muli ma thread (timagawo togwira ntchito) ambiri, nthawi zambiri 25, ndipo thread iliyonse imatenga mlendo wake. Thread ndi yopepuka kuposa process, choncho RAM (memori ya seva) yomweyo imakwanira anthu ochuluka.

Vuto la ziwirizi lili pa KeepAlive. Foni ikatsegula tsamba lanu, siduliratu kulumikizana ikalandira tsambalo. Imadikira pang'ono kuti mwina ipemphenso chithunzi kapena tsamba lina. Apache imaidikirira masekondi 5 ngati simunasinthe KeepAliveTimeout. Pa prefork ndi pa worker, wogwira ntchito (process kapena thread) amakhala ali chiimire nthawi yonseyo. Zili ngati malo odyera omwe woperekera zakudya amaima pa tebulo lanu mpaka mutadzuka, ngakhale simukuitanitsa kanthu, pomwe ena ali pa mzere panja. Event inakonza zimenezi. Mu process iliyonse muli thread yapadera yomwe ntchito yake ndi kuyang'anira anthu odikirawo, ndipo wina akatumiza pempho latsopano, m'pamene imamupereka kwa thread yomwe ilibe chochita. Kwa ine, pa seva yaing'ono ya mwezi ndi mwezi, event ndiyo yoyenera, ndipo worker sindionanso chifukwa choisankhira masiku ano.

Choyamba: onani yomwe muli nayo

Lowani mu seva ndipo lembani:

`a2query -M`

Ikuyankhani ndi liwu limodzi. Ikati event, gawo losintha mulidumphe, mupite pa masamu a RAM. Ikati prefork, musadabwe. Apache ya pa Ubuntu imabwera ndi event, koma mukangoika phukusi la libapache2-mod-php, imabwezedwa yokha ku prefork, chifukwa PHP (pulogalamu yomwe imapanga masamba a mawebusaiti ambiri) ya m'phukusi limeneli sinapangidwe kuti iziyenda m'ma thread. Mawebusaiti ambiri a WordPress ndi Moodle ali pa prefork mwa njira imeneyi, eni ake osadziwa n'komwe.

Izi zikutanthauza kuti process iliyonse ya Apache imasenza PHP yonse pamsana, ngakhale pamene ikungotumiza kachithunzi kakang'ono. Chinanso, kuyambira pa Apache 2.4.27, HTTP/2, njira yatsopano yotumizira masamba mwachangu, sigwira ntchito pa prefork.

Onaninso ngati seva inafikapo pa malire ake, otchedwa MaxRequestWorkers, omwe ndi chiwerengero cha alendo omwe Apache ingawatumikire nthawi imodzi:

`sudo grep MaxRequestWorkers /var/log/apache2/error.log`

Mukapeza mzere wonena kuti "server reached MaxRequestWorkers setting", dziwani kuti pa ola limenelo ogwira ntchito onse anali otanganidwa ndipo alendo ena ankangodikira tsamba likuzungulira.

Chachiwiri: ikani PHP payokha

Sungani kaye kope la foda ya /etc/apache2, ndipo ntchitoyi muichite usiku kapena m'mamawa anthu asanayambe kulowa. Kenako ikani PHP-FPM, yomwe imayendetsa PHP kunja kwa Apache. Ubuntu 24.04 ili ndi PHP 8.3, Ubuntu 22.04 ili ndi 8.1, Debian 12 ili ndi 8.2, sinthani nambala molingana ndi yanu.

`sudo apt install php8.3-fpm`

`sudo a2enmod proxy_fcgi setenvif`

`sudo a2enconf php8.3-fpm`

Musanapitirire, tsegulani mafayilo anu a .htaccess mufufuze mizere yoyamba ndi php_value kapena php_flag. Apa ndi pomwe anthu ambiri amapunthwa. Mizere imeneyi imamveka kwa mod_php yokha, PHP ija ya mkati mwa Apache. Mukaichotsa mod_php, Apache siizindikiranso ndipo webusaiti yonse imaonetsa Error 500. Isamutsireni mu fayilo ya .user.ini mu foda yomweyo. Mwachitsanzo, mzere wa `php_value upload_max_filesize 20M` kumeneko umalembedwa `upload_max_filesize = 20M`.

Chachitatu: sinthani

Ndondomeko yake ndi yofunika. PHP yakale ichoke kaye, prefork itsatire:

`sudo a2dismod php8.3`

`sudo a2dismod mpm_prefork`

`sudo a2enmod mpm_event`

`sudo apachectl configtest`

Ikalemba "Syntax OK", lembani `sudo systemctl restart apache2`. Pano reload sikwanira, pafunika restart yeniyeni. Tsegulani webusaiti, lowani ngati mwini wake, yesani kukweza chithunzi. A pa Rocky Linux kapena AlmaLinux alibe a2enmod. Iwo amasintha mzere wa LoadModule mu /etc/httpd/conf.modules.d/00-mpm.conf.

Chachinayi: masamu a RAM

Gawo ili ndi lomwe ndikufuna mulitengere nthawi, chifukwa kusintha MPM osawerengera RAM ndi kungosamutsa vuto.

Tiyerekeze kuti seva yanu ili ndi RAM ya 2 GB, ndipo process iliyonse yokhala ndi PHP imadya 50 MB. Fayilo ya prefork ya pa Ubuntu imalola MaxRequestWorkers 150. Onse 150 akadzuka, afuna 7,500 MB, pa makina a 2,000 MB. RAM ikatha, Linux imayamba kupha mapulogalamu kuti ipume, ndipo kawirikawiri wophedwa amakhala MySQL, pulogalamu yosunga deta ya webusaiti, popeza ndiyo imadya kwambiri. N'chifukwa chake kungokweza nambala ya MaxRequestWorkers pa prefork kumaipitsa zinthu m'malo mokonza.

Pa event, Apache yapepuka, koma malire enieni asamukira ku PHP-FPM. Tsegulani /etc/php/8.3/fpm/pool.d/www.conf mupeze mzere wa pm.max_children. Mudzapeza palembedwa 5. Ndiye kuti Apache ikhoza kulandira anthu 150, koma masamba a PHP akuphikidwa 5 okha nthawi imodzi. Kuti mudziwe nambala yoyenera, onani RAM yotsala ndi `free -m`, kenako onani zomwe process iliyonse ikudya:

`ps -C php-fpm8.3 -o rss,cmd`

Manambala akumanzere ali m'ma kilobyte. 51200 ndi 50 MB. Pa chitsanzo chathu chija, mukasiyira MySQL, Apache ndi Linux 800 MB, patsala 1,200 MB. Gawani ndi 50, mupeza 24. Ine ndingaike 20, kuti pakhale mpata wa tsamba lina lolemera. Mukasintha, lembani `sudo systemctl restart php8.3-fpm`.

Za event zili mu /etc/apache2/mods-available/mpm_event.conf. Pamenepo ThreadsPerChild ndi 25 ndipo MaxRequestWorkers ndi 150, kutanthauza ma process 6. Pa mawebusaiti ambiri izi n'zokwanira. Mukafuna kukweza, sankhani nambala yogawika ndi 25, monga 250 kapena 400. Kupitirira 400 pafunika kukwezanso ServerLimit, yomwe imayambira pa 16, apo ayi Apache idzaitsitsa yokha nambala yanuyo. M'malangizo akale mudzaona mawu akuti MaxClients. Ndi chinthu chomwecho, dzina linasintha pa 2.4.

Chachisanu: yesani musanakhulupirire

Mu phukusi la apache2-utils muli kapulogalamu ka ab komwe kamatumiza mapempho ambiri nthawi imodzi:

`ab -n 500 -c 20 https://dzina-la-webusaiti-yanu/`

Apa mwatumiza mapempho 500, okwana 20 nthawi imodzi. Muchite izi pa seva yanu yokha, osati ya munthu wina. Pamene ikuyenda, tsegulani windo lina muzionera `free -m`. Ikatha, onani mzere wa "Failed requests" ndi wa "Requests per second", kenako werengani /var/log/php8.3-fpm.log. Mukaonamo "server reached pm.max_children setting" RAM ikadalipo yambiri, kwezani pang'ono muyesenso. Mukaona mawuwa RAM itatheratu, ndiye kuti nthawi yoika cache (yosunga masamba ophikidwa kale) kapena yokulitsa seva yakwanadi.

Ngati muli ndi pulogalamu yakale yomwe imadalira mod_php kapena module ina yosagwirizana ndi ma thread, khalani pa prefork, palibe cholakwika. Ingowerengerani MaxRequestWorkers ndi masamu omwewa, ndipo tsitsani KeepAliveTimeout ifike pa 2. Kubwerera kumeneko ndi malamulo omwe aja mowatembenuza: `a2disconf php8.3-fpm`, `a2dismod mpm_event`, `a2enmod mpm_prefork`, `a2enmod php8.3`, kenako configtest ndi restart.